Madigiri Athu ndi Makapisozi a Pamsika

Pakoleji pano madokotala achuluka kuposa odwala. Ingotsokomolani kawiri m'kafeteriya muone. Wophunzira mbiri yakale akuuzani kuti mumwe Bactrim, wa zachuma ati ayi, amoxicillin ndiye yamphamvu, ndipo wa zamalamulo athamangira kuchipinda kwake kukakutengerani makapisozi anayi amene adatsala pa matenda a msuweni wake chaka chatha. Mwa atatuwa palibe ndi mmodzi yemwe amene adamuonapo bakiteriya ndi maso, koma onse amalankhula ngati adakulira naye nyumba imodzi.

Ine ndili ndi mlandu ndi magulu awiri: ife ophunzira, ndi akuluakulu amene adapatsidwa ntchito yotiphunzitsa zaumoyo. Mlandu wake ndi woti mowa umene tikumwa ndi makapisozi amene tikumezawa ndi nkhani imodzi, koma amatiphunzitsa ngati nkhani ziwiri zosadziwana. Ya mowa amaisandutsa ulaliki, ya makapisozi saitchula n'komwe.

Tiyeni tione sabata ya mnzathu wina, amene nonsenu mukumudziwa chifukwa hosteli iliyonse ili naye wake. Ndalama ikalowa Lachisanu, madzulo amatsetserekera m'midzi yozungulira koleji, kumene kachasu ndi wotchipa kuposa buledi. Kumeneko amadya kanyenya wosapsa, amamwa madzi a pachitsime chimene masana sangachiyang'ane kawiri, ndipo nthawi zina amagona kumene sadakonzekere kugona. Loweruka chimodzimodzi. Lamulungu m'mawa matsire amugwira, m'mimba mwatseguka, mantha amuyamba. Tsono amapita kumsika kukagula makapisozi awiri ofiira, akuti "otsuka m'thupi". Zikavuta kwambiri, pofika Lachitatu amapita kuchipatala, ndipo amapatsidwa Flagyl wa masiku asanu ndi awiri ndi chenjezo loti asalawe mowa kufikira atamaliza. Amamwa Lachitatu, amamwa Lachinayi. Lachisanu likakwana, mankhwala aja amalowa m'sutikesi, botolo n'kubwerera m'manja. Kodi mukuganiza kuti mnyamatayu sadamve zimene adanena adokotala? Adamva bwino lomwe. Chimene chidam'gonjetsa ndi chibaba.

Zimene zimachitika m'thupi mwake si zovuta kumvetsa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti munthu angatuluke pano ndi digiri osazimva. Mankhwala amtundu uwu, maantibayotiki, amapha mabakiteriya basi. Sapha mavairasi oyambitsa chimfine, sachiza matsire, satsuka chilichonse. Koma m'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala mabakiteriya osawerengeka, ndipo nthawi iliyonse imene tameza kapisozi, kaya pali chifukwa kaya palibe, ofooka amafa, olimba amatsala. Otsalawo amapeza munda wonse uli wawo, amaswana, ndiponso amatha kupatsirana nzeru yopirira mankhwalayo ngakhale ndi mabakiteriya amtundu wina. Kenaka amatuluka nafe kuchimbudzi, amakhala pachitseko, pampopi, pambale ya m'kafeteriya. Alexander Fleming, amene adatulukira penicillin mu 1928, adachenjezeratu za zimenezi polandira mphotho ya Nobel mu 1945: kuti tsiku lidzafika pamene munthu aliyense adzagula mankhwalawa m'sitolo, nadzamwa osakwanira, n'kuphunzitsa tizilombo kupirira. Tsikulo lidafika kalekale, ndipo lidatipeza ife tili pamzere kwa wogulitsa wa pamsika.

Wina anena kuti izi ndi nkhani za ku Ulaya. Ayi ndithu. Kafukufuku wake adachitikira ku Blantyre konkuno, pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kumene akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akupima magazi a odwala malungo aakulu kuyambira 1998. Mu 2017 adasindikiza zimene adapeza m'zaka 19, atapima magazi koposa ka 190,000. Theka la mabakiteriya amene adawapeza m'magazi a anthu silinkamvanso mankhwala oyamba amene dziko lino linkadalira, monga penicillin, chloramphenicol ndi Bactrim yemwe uja. Choopsa koposa ndi cha mankhwala amphamvu a jakisoni, a gulu la ceftriaxone, amene amaperekedwa munthu akagonekedwa ali kayakaya. Mu 2003, mwa mabakiteriya 100 aliwonse otchedwa Klebsiella, pafupifupi 12 ndiwo ankapirira mankhwala a gululi. Pofika 2016 anali 90. Kwa E. coli, bakiteriya wa m'matumbo mwathumu, chiwerengero chidachoka pa osakwana mmodzi kufika pa 30 mwa 100.

Taimani pamenepa pang'ono, anzanga. Klebsiella ameneyu sasaka zidakwa zokha. Amene amawagwira kwambiri ndi makanda obadwa masiku osakwana, amayi ochitidwa opareshoni, ndi odwala ofooka kale. Ceftriaxone akakanika, mankhwala otsatira ndi odula ndiponso sapezeka chisawawa. Khoswe wakhala pamkhate. Sindikunena kuti ophunzira a pano ndiwo adabala Klebsiella wa ku Blantyre. M'zipatala momwemo, m'makola a nkhuku ndi m'ngalande za m'mizinda mulinso mlandu waukulu. Koma mchitidwe wake ndi womwewu, ndipo ife amene timadzitcha ophunzira tili m'gulu la ouchita mosanyinyirika. Kafukufuku wina wa dziko lonse, wosindikizidwa mu 2022, adawerengera kuti mu 2019 mokha anthu 1.27 miliyoni adafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo kumene imfazi zidali zochuluka poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ndi kuno ku Africa, kumwera kwa chipululu cha Sahara.

Nkhani ya tayifodi ndiyo imandipweteka mtima, chifukwa ikuonetsa zoipa ndi zabwino pamodzi. Pakati pa 1998 ndi 2010 chipatala chija chinkapeza odwala tayifodi pafupifupi 14 pachaka. Kenaka udalowa mtundu wina wa bakiteriyayu wosamva mankhwala atatu akale aja, ndipo mu 2014 odwala adafika 782. Akatswiri sadakhale manja lende. Mu 2018 adayesa katemera watsopano pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, napeza kuti amachepetsa tayifodi ndi magawo pafupifupi 80 pa 100, ndipo mu 2023 katemerayu adayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko lonse. Amayi a ku Ndirande adapereka mikono ya ana awo kuti dziko lonse lapansi lidziwe zoona. Ife ndi laibulale yathu yonseyi, ndani mwa ife adamvapo za ntchito imeneyi pamsonkhano wa zaumoyo?

Ndikudziwa kuti pali ochenjera ena amene adawerenga pa intaneti kuti kumwa doxycycline pambuyo pogonana kumateteza matenda. Zoona, ku America ndi ku France kafukufuku adaonetsa kuti chindoko chidachepa mwa amuna ena amene ankatsatira njirayi moyang'aniridwa ndi madokotala. Koma ochenjerawa adalekeza kuwerenga panjira. Njira yomweyo itayesedwa pa atsikana ndi amayi a ku Kisumu ku Kenya, zotsatira zake za mu 2023 sizidaonetse kuchepa kwa matenda, ndipo chinzonono cha kumeneko chidapezeka kuti sichimva kale mankhwala a gulu limenelo. Kwathu kuno chinzonono chidasiya kuopa penicillin kalekale, n'chifukwa chake mu 1993 dziko lino lidasankha jakisoni wa gentamicin. Tsono iwe ndi makapisozi ako awiri osadziwika dzina, amene akhala padzuwa mwezi wathunthu pambali pa sopo ndi machesi, ukuganiza kuti ukuopseza yani?

Palinso chifuwa chachikulu, chimene ambiri amaiwala kuti nachonso ndi cha bakiteriya, amene Robert Koch adamuonetsa mu 1882. Ofufuza adapeza kuti munthu womwa mowa kwambiri amadwala matendawa pafupifupi katatu kuposa wosamwa. Ganizirani kachipinda kopanda zenera kumene anthu khumi ndi awiri athithikana usiku wonse, chikho chimodzi chikuzungulira, ndudu imodzi ya chamba ikuyenda kuchoka pakamwa kupita pakamwa, wina akutsokomola pakona. Mankhwala a chifuwa chachikulu amamwedwa tsiku ndi tsiku miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ena mwa iwo amalemetsa chiwindi chimene mowa udachitopetsa kale. Munthu amene walephera kusunga masiku asanu ndi awiri a Flagyl, adzasunga bwanji miyezi isanu ndi umodzi? Akalekeza panjira, chimene chingabwerere ndi chifuwa chosamva mankhwala, ndipo woyamba kuchipuma ndi mnzake wogona naye chipinda, uja wa kwaya amene sadalaweko mowa chibadwire.

Tsopano nditembenukire kwa inu akuluakulu. Maphunziro a zaumoyo amene mumatipatsa amachitika kamodzi, sabata yoyamba ya chaka choyamba, masana dzuwa lili phwee, ife tikuwodzera m'holo. Amabwera bambo wa tayi, natiuza m'Chingerezi chosalala kuti ndife atsogoleri a mawa, tipewe makhalidwe oipa, tikumbukire kumene tachokera. Pambuyo pake pamatsala chipepala chimodzi pakhoma chojambulidwa botolo ndi chigaza. Chimenecho n'chiyani? Ulaliki tili nawo kale wokwanira Lamulungu, ndipo abusa amauchita bwino kuposa inu. Munthu amene mukumuphunzitsa kusanthula ndakatulo ndi kuwerengera chuma cha dziko, bwanji pa nkhani ya thupi lake lomwe mukumuyesa mwana wa mkaka? Tipatseni manambala a ku Blantyre aja. Tionetseni mbale ya mu labotale imene mabakiteriya amera mpaka kukhudza mankhwala osachita mantha. Aphunzitsi a sayansi muli nazo zipangizo zimenezi, koma zimangoonedwa ndi ophunzira anu okha, ngati kuti ife a mbali inayi tilibe matumbo.

Ndiponso chidakwa mumachitenga ngati wopalamula, ife anzake timachitenga ngati sewero. Akagwa m'ngalande timamujambula pafoni, akalankhula zopanda mutu m'kalasi timamupatsa dzina. Akaswa zenera, komiti ya mwambo imakhala pansi, n'kumutumiza kwawo. Palibe amene amamufunsa kuti manja adayamba liti kunjenjemera m'mawa. Chonsecho madokotala adagwirizana kale kuti kulephera kusiya mowa ndi matenda, ndipo munthu amene thupi lake lidazolowera kwambiri akasiya mwadzidzidzi angathe kukomoka, ngakhale kufa kumene. Kumuuza munthu wotere kuti "ingosiyani" ndi kusadziwa, osati uphungu. Pamene mowa wa m'masacheti udaletsedwa, ambiri adaomba m'manja poganiza kuti nkhondo yatha. Mowawo udangosintha chovala, n'kulowa m'timabotolo.

Sindingabise kuti wogulitsa wa pamsika ali ndi chimene chimatikokera kwa iye. Iye safunsa kuti udagona kuti. Sakuika pamzere kuyambira m'mawa mpaka kuphonya makalasi awiri, n'kudzakuuza pomaliza kuti mankhwala atha. Salankhula mokweza za matenda ako anzako akumva kuseri kwa katani. Amakugulitsa makapisozi olingana ndi ndalama imene uli nayo, awiri kaya atatu. Lamulo limati mankhwala amenewa azigulitsidwa pokhapokha pali kalata ya dokotala, ndipo boma lidalemba ndondomeko yolimbana ndi vutoli ya zaka za 2017 mpaka 2022. Papepala zonse zilipo. Koma wophunzira wamanyazi, wosauka, wodwala matenda amene sangawatchule pamaso pa mayi wa msinkhu wa amayi ake, adzapitabe kumene samuchititsa manyazi. Mukafuna kuti asiye kupita kumsika, konzani khomo limene angalowe osaweramitsa mutu: chipinda chokhala ndi chitseko chotseka, maola ogwirizana ndi makalasi, ndi mlangizi wodziwa za uchidakwa amene sali m'komiti ya mwambo.

Ndipo maphunzirowo abwere chaka chilichonse, kwa aliyense, m'chilankhulo chimene timadwalira. Palibe amene amabuula m'Chingerezi. Itanani mmodzi mwa ofufuza aja adzaime m'holo yathu, osati kudzatichenjeza, koma kudzatiuza zimene adaona m'magazi a abale athu, ife timufunse mafunso monga timachitira ndi mlendo aliyense wobwera ndi pepala lake. Bungwe lathu la ophunzira limapeza ndalama zoitanira oimba kumapeto kwa teremu iliyonse. Sindikhulupirira kuti lingasowe ya basi ya munthu mmodzi.

Kwa madokotala a m'mahosteli, inu osunga makapisozi m'masutikesi, ndikudziwa kuti ena mwakwiya, ndipo mukuti mankhwala anu adachiritsapo anthu ambiri. Chimfine chimatha chokha pa sabata imodzi, matsire amatha okha pofika madzulo, ulemu n'kupita kwa kapisozi. Ngati mukutsutsa, masamba a magazini ino ndi otsekula. Lembani yankho lanu m'kope likudzali, koma mubwere ndi manambala anu, mutiuzenso kumene mudawapima.