Kodi Chibwereza Chidzatha Liti?



Lamulungu lina la m'nyengo yachisanu, mapemphero atatha, tinatuluka m'tchalitchi ndi kupeza abambo ndi anyamata ataunjikana pakhoma, akuwothera dzuwa monga timachitira kuno chisanu chikaluma. Mawu anali atakwera ndithu, ndipo tinayesa kuti akukambirana za ulaliki wa tsikulo. Titayandikira tinaona kuti onse aweramira foni imodzi, akuonera nkhonya za mu 2013 za pakati pa Isaac Chilemba wa ku Malawi ndi Tony Bellew wa ku England. Mkangano umene unabuka pamenepo ndi umene watipatsa nkhani ya mwezi uno.

Kwa amene satsatira masewerawa, tiyambe tafotokoza pang'ono. Isaac Chilemba anabadwira ku Blantyre mu 1987, ndipo monga amachitira ana ambiri a kuno ndi a kutsidya kwa malire a Mandimba, anapita ku South Africa ali mnyamata. Kumeneko ndi kumene anatchuka pa nkhonya. Pa 30 Malichi 2013, Loweruka la pakati pa Lachisanu Loyera ndi Pasaka, anakumana ndi Bellew mu mzinda wa Liverpool, kwawo kwenikweni kwa Bellew. Wopambana anali ndi mwayi wokalimbirana lamba wa dziko lonse wa bungwe la WBC. Anamenyana maraundi onse 12 mpaka belu lomaliza, koma oweruza atatu sanagwirizane: wina anati wapambana ndi Chilemba, wina anati ndi Bellew, wachitatu anati afanana mphamvu. Motero anakonza chibwereza. Patangopita masabata 8, pa 25 Meyi, awiriwa anakumananso ku O2 Arena mu mzinda wa London. Nkhonya za tsikulo zinali zogwiranagwirana, ndipo pomaliza oweruza onse atatu anapatsa Bellew chipambano.

Pakhoma paja panali maganizo atatu. Bambo wina amene anagwirapo ntchito ku Johannesburg zaka zambiri ananenetsa kuti mwana wa kwathu anaberedwa poyera. Iye anati Chilemba anali atapambana kale ku Liverpool, kotero chibwereza chinangokonzedwa pofuna kupatsa mwini mudzi mpata wachiwiri. Anati gulu la anthu linali kufuula ngakhale nkhonya ya Bellew itagwera pa magolovesi, ndipo anatsiriza ndi mwambi uja wakuti kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Mnyamata wina, amene mu 2013 anali akadali ku pulaimale, anatsutsa. Iye anati Chilemba anali katswiri pa kuzinda ndi kutchinga, koma anali kuchedwa kuyamba kuponya zake, ndipo munthu sapambana kwa eni pongozinda. Anakumbutsanso kuti ku Liverpool komweko woweruza mmodzi anam'patsa Chilemba chipambano, ndiye sitinganene kuti onse anagulidwa. Wachitatu, pofuna kuyanjanitsa, anati chimene chinasowa ndi nkhonya yachitatu, yochitikira ku Blantyre kapena ku Johannesburg.

Pamenepo tinafunsa kuti, "Nanga akanamenyana ku Blantyre, Chilemba n'kugonjanso, mukanavomera?" Panakhala chete pang'ono. Kenaka bambo uja anati, "Abusa, pamenepo ndiye tikanadziwa kuti oweruza adya ziphuphu." Tonse tinaseka, koma m'kuseka kumeneko munali choonadi chowawa. Bamboyo sanali kufuna chibwereza kuti adziwe amene ali ndi mphamvu. Yankho anali nalo kale mumtima, ndipo chibwereza chimene akanachivomera ndi chokhacho chimene chikanam'patsa yankho lakelo.

Sitikulemba izi pofuna kulimbikitsa nkhonya. Akhristu amasiyana maganizo pa masewera amene amavulaza mutu wa munthu, ndipo nkhani imeneyo ndi ya tsiku lina. Koma mtumwi Paulo sanachite manyazi kutenga fanizo pa woponya nkhonya pamene anali kuphunzitsa Akorinto za kudziletsa (1 Akorinto 9:26), ndipo ifenso tingaphunzirepo kanthu. Taonani m'mene oweruza nkhonya amagwirira ntchito yawo. Amakhala atatu, aliyense kumbali yakeyake ya bwalo, ndipo saloledwa kufunsana. Raundi iliyonse ya mphindi zitatu ikatha, aliyense amalemba 10 kwa amene wachita bwino ndi 9 kwa mnzakeyo. Nkhonya imene woweruza wa kum'mawa waiona ikugwera pachibwano, wa kumadzulo angoona msana wa woponyayo. Anthu atatu oona mtima angathe kuonera chinthu chimodzi n'kulemba zosiyana. Nanga ife ochemerera, amene tasankha mbali belu lisanalire, tingaone bwino kuposa iwo?

Ambiri a msinkhu wathu tikukumbukira chibwereza china chimene chinagwedeza dziko lonse tili anyamata, chimene tinali kuchionera pa kaseti m'nyumba za kanema. Pa 9 Novembala 1996, ku Las Vegas, Evander Holyfield anagonjetsa Mike Tyson mu raundi ya 11, pamene ambiri anali kuyembekeza kuti Tyson apambana. Otsatira Tyson anadandaula kuti Holyfield anali kugunda ndi mutu. Pa chibwereza, pa 28 Juni 1997, mitu inagundananso mu raundi yachiwiri ndipo Tyson anatemeka pamwamba pa diso. Woyimbira, Mills Lane, anati zinali zangozi. Mu raundi yachitatu Tyson analuma khutu la Holyfield mpaka kunyotsolako kachidutswa. Anam'chotsera mapointi awiri, koma analumanso khutu linalo, ndipo anam'thamangitsa m'bwalo. Analipitsidwa madola 3 miliyoni ndi kulandidwa chiphaso chake. Tikuvomereza kuti ambiri a ife tinali kumbali ya Holyfield chifukwa chakuti anali kuvala chovala cholembedwa Afilipi 4:13, ndipo chifukwa cha vesi limenelo maso athu sanali kuona mutu wake ukamagunda. Kumeneko kunalinso kukondera, ngakhale kuti kukwiya kwa Tyson sikungalungamitse zimene anachita, pakuti wolimbana salandira ulemu akaphwanya malamulo a mpikisano (2 Timoteo 2:5).

Koma chachikulu ndi ichi. Mu Okutobala 2009 awiriwa anakhala pamodzi pa pulogalamu ya kanema ya Oprah Winfrey, Tyson analankhula modzichepetsa, Holyfield anam'khululukira, ndipo anagwirana chanza. Woluma ndi wolumidwa anathetsa nkhani yawo. Koma kufikira lero, mukangotchula mayina awiriwa pa malo ometera tsitsi, mkangano umabuka ngati zachitika dzulo. Amene khutu lake linachucha magazi anakhululuka, koma amene anangoonera pa kanema sanakhululuke.

Tsono tibwere kwathu. Pa mpingo wina umene tinatumikirapo kale, mabanja awiri achikhristu anakangana za malire a dimba. Akulu a mpingo pamodzi ndi mfumu ya m'mudzi anapita kukaona malowo, anamva mboni, nagamula. Banja logonja linadandaula kuti mmodzi wa akulu amene anaweruza anali mlamu wa mbali inayo. Zinali zoona, ndipo kulakwa kunali kwathu: tinali kudziwa za chibalecho, koma tinachita manyazi kuuza mkulu wolemekezeka kuti akhale pambali. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chibwereza chinali choyenera, ndipo tinachichita popanda mkulu uja. Chigamulo chinasintha pang'ono chabe: mizere iwiri inabwerera kwa odandaula. Pamenepo banja linalo ndi limene linayamba kufuna kuti mlandu uzengedwe kachitatu.

Patapita miyezi ingapo kunagwa maliro m'mudzimo. Madala awiri aja, eni ake a dimba, anapezeka atakhala pa mphasa imodzi pasiwa, ndipo nsima itabwera anasamba m'beseni limodzi nadya mbale imodzi. Kuyambira tsiku limenelo anayambanso kupatsana moni ndi kubwerekana makasu. Koma adzukulu awo, azilamu awo ndi anzawo sanalole. Kwaya inagawikana pakati. Amayi a mbali ziwirizo anatha zaka ziwiri osaphikira pamodzi pa zovuta. Ana a Sande Sukulu, amene sanali kudziwa ngakhale kumene kuli dimbalo, anali kukana kukhala benchi limodzi. Aliyense anali kunena kuti mlandu suwola. Mizere iwiri ya nyemba inatsala pang'ono kupasula mpingo umene makolo anaumba njerwa zake ndi manja awo.

Chifukwa chake tili ndi mawu kwa magulu atatu.

Choyamba, kwa ife amene tapatsidwa udindo woweruza, abusa ndi akulu a mpingo. Dandaulo la bambo wa pakhoma uja si lopanda pake. Kukondera kulipo, ndipo phokoso la eni mudzi limalowa m'makutu a woweruza. Malemba amatiletsa kukometsera mlandu wolemera ngakhalenso wosauka (Levitiko 19:15), ndipo amatichenjeza kuti woyamba kufotokoza amaoneka wolungama kufikira mnzake atayankha (Miyambo 18:17). Mlendo wobwera kudzafuna ntchito ku Lichinga, mayi wamasiye, kapena wachinyamata wopanda chibale m'bwalo la akulu, onsewa amaima pamaso pathu ngati womenyera kwa eni. Ngati mlandu ukukhudza mbale wathu, tidzipatule tokha anthu asanatiuze. Chiweruzo choyamba chikakhala choyera, zibwereza zimachepa.

Chachiwiri, kwa amene mlandu sunawakomere. Simukuletsedwa kudandaula. Ambuye anatipatsa njira yake pa Mateyu 18:15-17, ndipo mpingo uli ndi mabwalo apamwamba kumene nkhani ingapite. Koma musanapemphe chibwereza, dzifunseni funso limene tinafunsa pakhoma paja: kodi chigamulo chikabweranso chimodzimodzi, ndidzachilandira? Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti simukufuna chilungamo koma chipambano, ndipo palibe bwalo pansi pano limene lidzakukhutitseni. Paulo anauza Akorinto kuti nthawi zina n'kwabwino kulola kulakwiridwa kusiyana ndi kunyazitsa dzina la Khristu ndi milandu yosatha (1 Akorinto 6:7). Onaninso kuti chigamulo chimodzi si mapeto a munthu. Bellew, atapambana chibwereza chija, anakagonja kwa Adonis Stevenson ku Canada mu Novembala chaka chomwecho, koma mu 2016 anatenga lamba wa dziko lonse m'gulu lolemererapo. Chilemba sanakhale pansi kulira za London. Mu 2016 anakalimbana ndi Sergey Kovalev ku Russia ndipo mu 2018 ndi Dmitry Bivol ku America. Konseku anagonja, koma anaima mpaka raundi ya 12, ndipo dzina la Malawi linamveka kutali.

Chachitatu, kwa ochemerera, amene ndife ambiri. Moto ukasowa nkhuni umazima, ndipo buku la Miyambo limafanizira zimenezi ndi mkangano umene wasowa woukolezera (Miyambo 26:20). Kawirikawiri eni mkangano amakhala atatopa, akufuna njira yobwererana, koma amaopa ife amene tinawachemerera, kuti tidzawaseka kuti agonja. Mbale wanu akakuuzani kuti akufuna kukapepesa kwa mnzake, musamufunse kuti, "Mwayamba mantha kodi?" Nyamukani mumuperekeze.

Nthawi ya Mgonero wa Ambuye ikamayandikira, tiyeni aliyense adzifunse ngati pali mlandu wa anthu ena umene akuusungabe mumtima, pamene eni ake anaiwala kale. Ngati ulipo, tiutule tisanafike pa gome, monga Ambuye anatilangiza pa Mateyu 5:23-24. Woweruza amene amaona mbali zonse za bwalo nthawi imodzi ndi Mulungu yekha, ndipo zimene zinatikanika kuweruza bwino pansi pano tingathe kuzisiya m'manja mwake popanda mantha.

Bambo wa ku Johannesburg ndi mnyamata uja akusiyanabe maganizo pa nkhani ya Chilemba ndi Bellew, ndipo sitikuyembekeza kuti adzagwirizana. Koma Lolemba lotsatira tinawaona ali pa denga la tchalitchi, wina akugwira lata, wina akukhoma misomali. Kusiyana kotere sitikuopa. Ambuye atipatse mitima yotere pa milandu yathu yonse, ndipo mtendere wake ukhale nanu m'makomo mwanu. Ameni.