Gule wa Petipa: Kodi Tikhulupirire Pepala Kapena Miyendo?

Gule ndi chuma chovuta kusunga. Nyimbo ikalembedwa, wina akhoza kudzaiimba patapita zaka zana. Chithunzi chikapachikidwa pakhoma chimakhala pomwepo. Koma gule amatha pamene wovina waima, ndipo chotsala chimangokhala m'miyendo ya ovina ndi m'mitu ya amene anaonerera. Gule wa ku Ulaya wotchedwa ballet wakhala akuyenda motero kwa mibadwo: mphunzitsi kuonetsa, mwana kutsanzira, mwanayo akakula n'kuonetsanso ena. Njira imeneyi ndi yolemekezeka, komatu ili ndi chilema chimene eni ake savomereza msanga. Imasintha zinthu mwakachetechete, ndipo wosinthayo amalumbira kuti sanasinthe kanthu.

Marius Petipa, Mfalansa wobadwira ku Marseille m'chaka cha 1818, ndiye anali mkulu wopeka magule m'mabwalo a mfumu ku St Petersburg, ku Russia. Mu Januwale 1890 anaonetsa gule wake wotchuka, The Sleeping Beauty, pabwalo la Mariinsky, nyimbo zake zili za Tchaikovsky. Nthawi yomweyo wovina wina wachinyamata wa pabwalopo, Vladimir Stepanov, anali kusinkhasinkha za njira yolembera kayendedwe ka thupi ndi zizindikiro zofanana ndi za nyimbo. Buku lake linatuluka ku Paris mu 1892, iye n'kumwalira mu 1896 akadali mnyamata. Anzake anapitiriza ntchitoyo, ndipo magule ambiri a Petipa analembedwa papepala mwini wake asanamwalire mu 1910.

Mapepalawo sanakhalitse kwawo. Ufumu utagwa, Nikolai Sergeyev, yemwe ankayang'anira zokonzekera magule, anachoka m'dzikomo mu 1918 atawanyamula. Ndi mapepala omwewo anaphunzitsa ovina a ku London magule a Swan Lake ndi Giselle mu 1934, kenako The Sleeping Beauty mu 1939. Iye anamwalira mu 1951, ndipo mu 1969 mapepalawo anafika ku yunivesite ya Harvard ku America, kumene akusungidwa mpaka lero. Ku Russia nako gule sanaime; anapitirira kuyenda ndi miyendo yokha, mbadwo uliwonse n'kuikapo dzanja lake.

Mkangano unabuka mu 1999. Wovina wa ku Mariinsky, Sergei Vikharev, anatenga zolemba za ku Harvard zija n'kumanganso The Sleeping Beauty monga momwe analili m'masiku a Petipa, zovala ndi zokongoletsa bwalo zomwe. Guleyo anatenga pafupifupi maola anayi. Mbali zimene ovina amasimba nkhani ndi manja, popanda kudumpha kapena kuzungulira, zinabwereranso. Akuluakulu ambiri a pabwalopo sanakondwe nazo. Iwo anakulira m'gule amene Konstantin Sergeyev (munthu wina uyu, dzina lokha ndilo lofanana) anakonza mu 1952, ndipo kwa iwo ameneyo ndiye anali Petipa weniweni, chifukwa anamulandira kuchokera kwa aphunzitsi awo.

Kukwiya kwawo n'komveka, ndipo sikoyenera kusekedwa. Munthu amene wavina gule zaka makumi atatu, mapazi kutuluka magazi, sangamve kukoma mnyamata akabwera ndi pepala lochokera kutsidya kwa nyanja n'kumuuza kuti aphunzitsi ake analakwitsa. Komabe pa nkhani iyi pepala linali ndi ufulu womvedwa, chifukwa ndi mboni imene inalipo Petipa ali moyo. Mutu wa munthu umasunga zimene unakonda, n'kuiwala zimene zinaubowa. Chitsanzo chili m'gule yemweyu: pa ukwati wa mwana wa mfumu, pali pamene mwamuna amawakha mkazi mutu uli pansi, miyendo m'mwamba ngati nsomba yodumphira m'madzi. Oonerera ambiri a ku Ulaya ndi ku America amaombera m'manja poganiza kuti ndi nzeru za Petipa, pamene zimenezi zinalowa m'gule ku London mu 1921, mwini wake atagona kale m'manda zaka khumi ndi chimodzi. N'zokongola ndithu, ndipo palibe chifukwa chozitayira. Cholakwika n'kuzipatsa dzina la munthu amene sanazione.

Alexei Ratmansky anapita patsogolo ndi ntchitoyi. Iye ndi mkazi wake Tatiana anaphunzira okha kuwerenga zizindikiro za Stepanov, pang'onopang'ono, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2015 anaonetsa The Sleeping Beauty ndi gulu la American Ballet Theatre, ndipo chaka chotsatira Swan Lake ku Zurich. Chimene chinadabwitsa oonerera chinali miyendo. Ovina amakono anazolowera kutukula mwendo mpaka kukhutu. Apa anauzidwa kuusiya m'munsi, ndi kufulumizitsa mapazi motsata nyimbo. Gule amene ankaoneka ngati mpikisano wa kusololoka kwa thupi anakhalanso nkhani yosimbika, yopepuka m'maso. Zimenezi palibe mphunzitsi wamoyo akanazikumbukira zonse.

Koma amene amalambira pepala nawonso achepetse mawu. Zolemba za ku Harvard sizokwanira: m'malo ambiri mlembi analemba za miyendo ndi njira yoyenda pabwalo, za manja ndi mutu n'kuzisiya, mwina poganiza kuti aliyense akuzidziwa kale. Womanganso gule amayenera kudzaza mipata imeneyo ndi zithunzi zakale, mafilimu, ndi zimene aphunzitsi okalamba akukumbukira, anthu omwe aja amene pepala linabwera kudzawatsutsa. Choncho gule womangidwanso amakhala ndi dzanja la womangayo, ndipo chilungamo n'chakuti auze oonerera pamene pathera Petipa ndi pamene payambira iye.

Bwalo la Mariinsky linabwerera ku gule wa 1952 kwa zaka zingapo, wa Vikharev n'kuikidwa pambali. Vikharev anamwalira mwadzidzidzi mu 2017. Chaka chotsatira, pokumbukira kuti patha zaka 200 chibadwire Petipa, bwalolo linatulutsanso ntchito yake.