Chinamwali Chopanda Namkungwi

Mwana wapambana mayeso a Sitandade 8 ndipo wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Makolo agulitsa mbuzi nagula sutikesi, bulangete ndi ndowa; amayi akazinga chimanga ndi mtedza kuti mwana akhale ndi kamba. Pakutha pa masabata atatu kamba uja wadyedwa ndi ena, ndowa ili m'manja mwa mnyamata wa Fomu 3, ndipo mwini wake akuchapa malaya a anthu amene ngakhale maina awo sawadziwa. Usiku amadzutsidwa kuti avine, kapena kuti ayeze kutalika kwa hositelo ndi kamtengo ka machesi. Ophunzira amautchula mchitidwewu ndi dzina la Chingerezi loti teasing, ngati kuti ndi nthabwala chabe. Ife tikuti ndi nkhanza.

Tikudziwa chimene ambiri a ife timayankha: "Nafenso tinadutsamo, ndi chinamwali basi." Komatu chinamwali chenicheni chili ndi namkungwi amene amayankha kwa mfumu, chili ndi phungu woyang'anira namwali aliyense, chili ndi mwambo wophunzitsidwa ndiponso tsiku lothera. Cha kuhositelochi chilibe namkungwi, chilibe phungu, ndipo phunziro lake ndi limodzi lokha, lakuti wamphamvu ndiye mwini ndowa. Choipitsitsa nchakuti chimasanduka ngongole. Wozunzidwa chaka chino amadzitonthoza poti chaka chamawa adzabwezera, osati kwa amene anamzunza, koma kwa mwana wina amene pakali pano akadali kupulaimale.

Vutoli si la kwathu kuno kokha. Lipoti la UNESCO la mu 2019 linapeza kuti pa dziko lonse pafupifupi wophunzira mmodzi mwa atatu anali atazunzidwapo ndi anzake mwezi umene kafukufuku asanachitike, ndipo m'maiko a Africa a kumwera kwa Sahara anali pafupifupi theka. Ku Norway, anyamata atatu atadzipha mu 1982, boma linayambitsa ntchito yolimbana ndi nkhanzazi m'sukulu zonse mu 1983. Katswiri amene anatsogolera pa kafukufuku wake, Dan Olweus, anatisiyira zizindikiro zitatu zosiyanitsira nkhanza ndi ndewu wamba: zochitikazo nzadala, zimabwerezedwabwerezedwa, ndipo mbali imodzi ili ndi mphamvu kuposa inzake. Ana awiri olingana akamenyana tingathe kuwauza kuti agwirane chanza. Kuuza wa Fomu 1 kuti agwirane chanza ndi gulu limene limamdzutsa usiku ndi kumpereka kwa afisi.

Tsono inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, dziwani kuti nkhanza zili ndi malo ake ndi nthawi yake. Sizichitika mphunzitsi ali pabolodi. Zimachitika pamzere wa nsima, kuseri kwa zimbudzi, pampopi m'mamawa, ndi m'hositelo magetsi akazima. Mphunzitsi wa pa dyute amene amaimirira pamene chakudya chikugawidwa, nayenda kuhositelo pa nthawi yosadziwika, achita zambiri kuposa malangizo khumi a pa asembule. Tisasiyire mapulifekiti okha ntchito imeneyi. Iwonso ndi ana, ndipo ena mwa iwo ali ndi ngongole yawo yoti atolere.

Kumene tiyenera kuchita khama koposa ndi ku Fomu 2, pakuti mabala awo ngatsopano ndipo ndiwo akudikira alendo mwachidwi. Tikhale nawo pansi teremu yomaliza ya Fomu 1 isanathe, afotokoze okha zimene zinawawawa, kenaka tiwapatse udindo: aliyense akhale phungu wa mlendo mmodzi, amsonyeze kodyera, kochapira ndi kwa anamwino, ndipo ndowa ya mlendoyo ikasowa ayambe ndiye kufunsidwa. Ku Finland, pulogalamu ya KiVa, imene Christina Salmivalli ndi anzake anaikonza ku yunivesite ya Turku, inatsamira pa mfundo yakuti wozunza amadya kuseka kwa oonerera. Oonerera akaleka kuseka, gule amazirala.

Nanga mwana amene wazunzidwa kale? Kawirikawiri sanena. Timamzindikira chifukwa amaodzera m'kalasi, amadwala mutu Lolemba lililonse, amazemba chakudya, kapena amapempha kupita kwawo teremu ili pakati. Kwa atsikana nkhanza zimabisala kwambiri: kusalidwa pagulu, kunenedwa miseche, kusekedwa chifukwa cha banga pa siketi. Enanso amanyozedwa chifukwa cha kalankhulidwe ka kwawo, umphawi kapena khungu la chialubino, ndipo masiku ano chipongwecho chimawatsata mpaka kumudzi kudzera pa WhatsApp.

Mwana wotere tisamuimike pamaso pa anzake, ndipo tisamfunse kuti, "Iwe unawatani?" Timtume kuti atinyamulire makope, ndipo tili awiri panjira timfunse mofatsa mmene akugonera. Akayamba kulankhula timvetsere mpaka amalize, tilembe tsiku, malo ndi maina. Tisamlonjeze chinsinsi chimene sitingathe kusunga, koma timuuze amene adzamve nkhaniyo ndi chifukwa chake: mphunzitsi wamkulu, woyang'anira hositelo ndi makolo ake. Adziwenso kuti pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Ngati wavulazidwa kapena wagwiriridwa, imeneyo ndi nkhani ya chipatala ndi apolisi, osati yothera mu ofesi pofuna kuteteza mbiri ya sukulu.

Wolakwa alangidwe, abweze zimene analanda, makolo ake aitanidwe. Chikwapu chokha ayi, pakuti chimangomtsimikizira zimene amakhulupirira kale za mphamvu. Ndipo mlandu ukatha tisapume msanga, popeza usiku wotsatira chiweruzo ndiwo woopsa kwa amene anaulula. Bedi lake lisunthidwire pafupi ndi khomo la woyang'anira, ndipo pakapita masabata awiri timtumenso makope aja.