Makoma a Voroneț ndi Ife Aphunzitsi a Mawa

Tikamva za matchalitchi a Orthodox ku Romania, ambiri a ife a Adventist timathamangira kunena kuti ndi mafano basi. Tisafulumire, abale. Tchalitchi cha Voroneț, chomwe mfumu Ștefan cel Mare inamanga mu 1488, chili ndi zithunzi za m'Baibulo kunja kwa makoma. Khoma lakumadzulo lonse ndi Tsiku la Chiweruzo. Mlimi wosadziwa kuwerenga ankaphunzira ali chiimire pabwalo. Nanga si momwemo alaliki athu amapachikira chithunzi cha fano la pa Danieli 2 kumisonkhano ya misasa? Ziphunzitso zawo zina sitigwirizana nazo, ndipo Sabata sitisiya. Koma mawa tikakaima pamaso pa ana opanda mabuku, makoma a kalasi yathu adzakhala mbuu choncho?