Za Malipiro a Akuru a Mabanki ndi Masukulu Apamwamba

Mafumu athu olemekezeka ndi abale onse a m'Cigwirizano, tiika pamaso panu mlandu wa ku Britain, pakuti ukhudza kasungidwe ka cuma ca anthu.

M'caka ca 2008 Royal Bank of Scotland inagwa, itataya mapaundi 24 biliyoni. Boma linaiombola ndi mapaundi 45 biliyoni a msonkho. Koma mkuru wace, Fred Goodwin, amene anailemetsa katundu pogula ABN AMRO mu 2007, anacoka ndi penshoni yoposa mapaundi 700,000 pa caka. Anthu atapfuula, inatsitsidwa kufikira 342,500, ndipo mu 2012 anamlanda ulemu wa "Sir". Amati mphotho ikula cifukwa mtsogoleri asenza tsoka. Nanga tsokali linagweranji pa okhoma msonkho?

Ku University of Bath mkuru wa sukulu, Glynis Breakwell, analandira mapaundi 468,000 mu 2017, pamene wophunzira mmodzi analipira 9,250 pa caka. Werengani nokha: ndalama za ana 50 zinathera pa munthu mmodzi.

Alipo onena kuti waluso akapanda kulipidwa cotero adzanka kwina. Sitikana mau awa konse, pakuti mmisiri weniweni asowa, ndipo sukulu ya Bath inakuladi mbiri m'masiku a maiyo. Cotibvuta ndi ici, cakuti iye anali mmodzi wa kabungwe koika malipiro a akuru. Ngakhale munthu aturuke pocula dzina lace, otsala m'nyumbamo ndi anzace akudya naye mbale imodzi. Inu mafumu mudziwa kuti mwini mbuzi sakhala nkhoswe pa mlandu wa mbuziyo.

Anthu a ku Switzerland anaweruza zimenezi kawiri mu 2013. Anabvomera kuti eni kampani azibvota pa malipiro a akuru. Koma lamulo lakuti mkuru asapose wanchito wotsiriza kakhumi ndi kawiri analikana. Ife tiyesa anacita mwanzeru, cifukwa muyeso umodzi sungayenere nchito zonse.

Cotero pa msonkhano ulinkudza tidzapempha kuti Mlembi ndi Msungicuma asakhale m'kabungwe koika mphotho zao, ndi kuti ciwerengero cace ciziwerengedwa poyera caka ndi caka. Tipempha mafumu adze ndi maganizo ao.