Liwiro likawirikiza kawiri, ngozi imakula kanayi

Makolo ndi inu mavolontiya a zaumoyo m'boma la Mwanza, pali phunziro la fizikisi limene ana athu amaloweza pokonzekera mayeso a MSCE, koma ife akuluakulu timalinyozera tsiku ndi tsiku pamsewu wa M6. Phunziroli likuti chinthu chilichonse choyenda chimakhala ndi mphamvu, ndipo kukula kwa mphamvuyo kumadalira zinthu ziwiri: kulemera kwa chinthucho ndi liwiro lake.

Kulemera kukawirikiza kawiri, mphamvu nayo imawirikiza kawiri. Koma liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Njinga yamoto yothamanga makilomita 60 pa ola ili ndi mphamvu kanayi kuposa yothamanga makilomita 30 pa ola, ndipo woyendetsa akaponda mabuleki imafunika mtunda wotalika pafupifupi kanayi kuti iime.

Mphamvu imeneyi sisowa. Njinga ikawomba chinthu, mphamvuyo imalowa m'zitsulo, m'mafupa ndi m'mutu wa munthu. Kugunda chinthu cholimba pa liwiro la makilomita 30 pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba pa mamita atatu ndi theka. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pa mamita pafupifupi 10. N'chifukwa chake bungwe la WHO limalimbikitsa liwiro losapitirira makilomita 30 pa ola m'malo amene anthu oyenda pansi amasakanikirana ndi magalimoto. Lipoti la bungweli la 2023 linasonyeza kuti ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka padziko lonse, ndipo ndizo zikutsogolera kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29.

Ife a ku Mwanza nkhaniyi ndi yathu. Msewu wochokera ku Zalewa kukafika kuchipata cha dziko umadzaza ndi mathiraki opita ku Tete, Zimbabwe ndi South Africa. Thiraki ya matani 30 ili ndi mphamvu zochuluka ka 30 kuposa galimoto ya tani imodzi yoyenda pa liwiro lomwelo. Komanso galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, dalaivala asanafikitse n'komwe phazi pa buleki. Mwana wogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu sangazidziwe izi ngati inu simunamuuze.

Nanga helemeti imagwira ntchito yanji? Kabaza akaima mwadzidzidzi, thupi la wokwera limapitirirabe kutsogolo, monga Isaac Newton anafotokozera mu 1687. Mutu ukamenya phula umaima nthawi yomweyo, koma ubongo umapitirira n'kugunda chigaza mkati. Chigoba cha helemeti chimamwaza mphamvu ya kugundako pamalo aakulu, pamene chofewa chamkati chimaphwanyika kuti mutu uime pang'onopang'ono. Choncho chipewa cha omanga nyumba sichilowa m'malo mwa helemeti, helemeti yosamanga lamba imavuka mutu usanafike pansi, ndipo imene inagundapo kale mwamphamvu iyenera kusinthidwa.

Ena amati helemeti ndi yodula, imatentha, ndipo ulendo wake ndi waufupi. Zoona, ndalama n'zovuta. Koma ngozi sifunsa kutalika kwa ulendo, ndipo mtengo wa helemeti sungafanane ndi wosamalira munthu wovulala ubongo moyo wake wonse.

Tsono makolo, musakweze mwana pa kabaza wopanda helemeti, ndipo musachite manyazi kuuza woyendetsa kuti achepetse liwiro, chifukwa ndalama ndi yanu, mwananso ndi wanu. Phunzitsani ana kuti thiraki ikamaoneka idikiridwe idutse.

Mavolontiya, tengani uthengawu kumisonkhano ya m'mudzi, kusikelo ndi kumasiteji a kabaza. Uzani anthu kuti wovulala pangozi asamupinde khosi pomunyamula. Munthu amene wamenyetsa mutu, ngakhale adzuke n'kuyenda, akayamba kusanza, kusinza kwambiri, kusokonezeka kapena kukomoka, athamangire naye ku chipatala cha boma cha Mwanza, chifukwa magazi amatha kutayikira mkati mwa chigaza n'kuonekera patapita maola. Ofunika thandizo lalikulu amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ulendo umenewo umafuna kuti wodwala afike msanga.