Mathanki Adutsa pa Jenda, Ife Titsala ndi Utsi

Mafuta akakwera, oyamba kulira pa wailesi ndi eni magalimoto a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Alire ndithu, ndi ufulu wawo. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo lero chitseko chitsekukire kuno ku Mzimba, kumene munthu wopanda ndi njinga yomwe amalipira mafuta modula kuposa bwana wa Pajero.

Tiyambe ndi manambala, poti akuluakulu amatinena kuti anthu akumudzi timangolongolola. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 lita imodzi, dizilo nafika pa K2,734. Mtengowo unaima pomwepo pafupifupi zaka ziwiri. Anthu atangovota pa 16 Seputembala 2025, sipanathe mwezi, petulo anali pa K3,499. Mu Januwale 2026 anafika pa K4,965. Kodi abale, mafuta amadziwa kalendala ya chisankho?

M'mabawo ndi m'maminibasi anthu agawikana pawiri. Ena ati boma likanangogwira mtengo osaukweza. Ena ati bola akwere koma azipezeka. Onsewa ndi anzanga, koma ndinene mosapsatira kuti mtengo wogwiridwa uja unali bodza la masana. Unalembedwa pa pampu, koma pampuyo inali youma. Pa Mzimba boma magalimoto ankagona pamzere, pomwe mavenda a zigubu ankagulitsa mafuta omwewo kuseri pa mtengo wakumtima kwawo. Wa kabaza wa ku Embangweni anagula liti petulo pa mtengo wa MERA? Ife tinayamba kalekale kulipira mtengo wokwera. Boma linangobwera m'mbuyo kudzadinda chidindo.

Taonani m'mene lita imodzi imamulumira mlimi wa ku Khosolo kapena ku Luwerezi. Akafuna kutengera tomato, anyezi ndi mbatatesi kumsika wa Jenda, wa matola wakweza. Akafika, ogula ochokera ku Lilongwe amugwetsa mtengo, ati nawonso thiransipoti yadula. Kuchigayo cha dizilo, ndowa ya chimanga yakwera. Mayi akadwala usiku, njinga yamoto yopita kuchipatala cha Embangweni ikufuna ndalama ya mbuzi. Ndalama imene mwana watumiza kuchokera ku Joni imathera m'njira isanagule ndi thumba la feteleza lomwe.

Chopweteka mtima n'chakuti mafutawo timawaona ndi maso. Mathanki ochokera ku Dar es Salaam amalowa pa Songwe, kukwera Chiweta, kudutsa Mzuzu ndi Chikangawa, n'kutsika pa Jenda ulendo wa ku Kanengo. Ife kwathu n'kuwerenga matayala basi. Anatiuza kuti NOCMA yamanga nkhokwe zosunga malita 60 miliyoni ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Nkhokwe n'zabwino, koma nkhokwe yopanda chimanga amagonamo ndi makoswe. Gwero la vuto ndi ndalama zakunja: dziko logulitsa fodya ndi tiyi, n'kumagula kunja chilichonse mpaka zotokosera m'mano, lidzasowa madola chaka ndi chaka.

Nkhaniyi si yachilendo. Mu 2011, nthawi ya Bingu wa Mutharika, mizere yomweyi inali chimodzi mwa zimene zinatulutsa anthu m'misewu pa 20 Julaye, ndipo anthu pafupifupi 20 anaphedwa, Mzuzu naika maliro ochuluka. Mu 2012 Mayi Joyce Banda anagwetsa kwacha, mafuta napezeka koma modula. A Lazarus Chakwera anagwetsa kwacha mu 2022 ndi mu 2023, mizere inabwereranso. Zipani zasinthana mipando, nyimbo ndi imodzimodzi. Ndiye wina asandiuze kuti ili ndi tchimo la chipani chakuti. Ndi tchimo la onse amene alawako mpando wonona osatipatsa ndondomeko yooneka ya mphamvu zophikira, zounikira ndi zoyendera.

Mu lita iliyonse muli msonkho wa misewu ndi msonkho wa magetsi a kumidzi, uja wa MAREP. Gogo wa ku Mabulabo akakwera matola amaulipira, ngakhale sauona. Nanga msewu wa Jenda–Edingeni, wopita kulikulu la Inkosi ya Makosi M'mbelwa, unakhaliranji nyimbo ya pa kampeni zaka zambirimbiri? Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha pa 100 aliwonse ankaunikira magetsi, 77 ankaphikira nkhuni, 18 makala. Ambiri mwa magetsi ochepawo amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ndipo namondwe Ana atagumula Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse linagona mumdima.

Tsono mayi wa pa Mzimba boma aphikire chiyani? Gasi ndi wa mabwana, parafini wadula, magetsi ndi alendo. Chatsala ndi mbaula. N'chifukwa chake nkhalango ya Perekezi ikupita m'matumba, njinga ndi njinga. Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, ndipo wogwidwa amakhala mnyamata wa thumba limodzi. Amene amadya nsima yophikira makala omwewo ku Area 10 sawagwira. Ine sindikuikira kumbuyo odula mitengo, ayi. Perekezi ikatha, mitsinje yathu iuma ndipo olira ndife tomwe. Koma kumenya wootcha makala usanapatse anthu chophikira china kuli ngati kutsekera madzi ndi dengu.

Chonsecho zipangizo tili nazo. Mitengo ya Viphya, mahekitala 53,000, inabzalidwa kuti idyetse fakitale ya mapepala imene sinabwere. Bwanji malo amene anametedwa ku Chikangawa asabzalidwenso mwakhama, mbali ina n'kupatsa magulu a anthu ozungulira ziphaso zootcha makala ovomerezeka? Ku Dwangwa akhala akutcheza ethanol kuchokera ku nzimbe kuyambira 1982. Patha zaka zoposa makumi anayi tikungothira kadontho m'petulo m'malo mokulitsa ntchitoyi. Dzuwa la ku Mzimba limatiwotcha ulere, koma zigayo zikumwabe dizilo wogula ndi madola.

Pempho langa kwa aphungu athu ndi lapafupi. Funsani m'Nyumba ya Malamulo kuti msonkho wa misewu ndi wa MAREP watoleredwa zingati, ndipo Mzimba, boma lalikulu kuposa onse m'Malawi muno, walandirako zingati. Yankholo alimate pa ofesi ya DC aliyense awerenge. Funsani kuti magetsi afike msanga pa misika imene pali zigayo. Ndipo inu eni, yesani mwezi umodzi wokha kugula mafuta ndi ndalama ya m'thumba mwanu. Mukadzabwera kudzapempha voti, tidzakufunsani mtengo wa chigayo. Konzekerani yankho.